Msuweni Wanga, Nkhunzi ya Boma

Ine ndi msuweni wanga tinakulira pakhomo limodzi. Iye anali mwana wa azakhali anga, alongo awo a bambo. Bambo ake anapita ku Joni iye asanayambe kuyenda ndipo sanabwerenso, choncho azakhali anabwera naye kwathu, kumtunda kuja kufupi ndi Tsangano, kumene chisanu cha mwezi wa Juni chimang'amba milomo. Tinkadyetsa limodzi ng'ombe za bambo, kugona mphasa imodzi, ndi kukwapulidwa limodzi ng'ombezo zikalowa m'munda wa tirigu wa anthu. Ine ndinali wamkulupo pang'ono, ndipo kusukulu ya mishoni ndinafika patali. Iye analekera panjira, ati masamu ankamupweteketsa mutu. Aliyense ankadziwa kuti pa awirife wotsogola ndine. Iyenso ankadziwa, ndipo sizinkamuvuta.

Bambo anga anagwira ntchito zaka zambiri pafamu ya mkaka kufupi ndi Halale. Anabwerako ndi jekete lalikulu, chifuwa chosatha, ndi nkhani za ng'ombe. Ankatiuza za ng'ombe zamawanga akuda ndi oyera, zopanda linunda, zimene imodzi yokha inkadzaza ndowa m'mawa ndi kudzazanso madzulo. Zathu zinali zazing'ono, zolimba, zodziwa kukwera mapiri, koma mkaka wake unkangokwana thole ndi kapu ya tiyi. Bambo ankazikonda ng'ombe zawo, komabe akaima pachibaya, khola la ng'ombe, n'kumaziyang'ana, umachita kuona kuti mtima wawo uli kwina.

Nditamaliza sukulu ndinalembedwa ntchito ya padibi. Ntchito yanga inali kusakaniza mankhwala m'madzi, kuonetsetsa kuti ng'ombe iliyonse yamira mpaka m'makutu mmene mumabisala nkhupakupa, ndi kukangana ndi eni ng'ombe amene sankafuna kubwera. Patapita nthawi panafunika munthu wina wothandiza kutunga madzi ndi kukusa ng'ombe, ndipo ndinakamupepesera msuweni wanga. Anamulemba chifukwa cha mawu anga. Yunifolomu ya kaki ndinali nayo ndine. Iye ankagwira ntchito atavala kabudula wake wakunyumba.

Anali masiku a Chitaganya. Tsiku lina mvula yoyamba itangogwa, mzungu woyang'anira ziweto anabwera kuchokera kuboma. Atayendera dibi anandiitanira pambali pa galimoto yake. M'Chinyanja chake chothyokathyoka anandifotokozera kuti kuli njira yatsopano yobereketsera ng'ombe popanda kuikweretsa. Amatenga mbewu ya nkhunzi yabwino, kuisunga pozizira, kuinyamula ulendo wautali, n'kukaiika ndi manja m'ng'ombe yaikazi pa nthawi imene ikufuna nkhunzi. Anati boma likufuna kuyesa njirayi m'madera angapo, ndipo pali malo a munthu mmodzi wa m'boma lathu kukaphunzira kufamu ina ku Rhodesia kwa miyezi ingapo. Ulendo unali wa mwezi womwewo. Anati wasankha ine.

Ndinamuthokoza, n'kupempha kuti ndikaganize.

Zoganiza zinalipo. Mkazi wanga anali ndi pakati, ndipo mimba yake yoyamba inali itapita padera chaka chapitacho. Dzinja ndiyo nthawi imene nkhupakupa zimachuluka, ndipo sindinkafuna kusiya dibi langa m'manja mwa munthu wina. Munda wa mbatatesi unali usanapaliridwe. Komanso panali china chimene sindinauze munthu. Ndinali mlembi wa kwaya kutchalitchi, munthu wovala nsapato Lamulungu, ndipo ndikaganiza za ine nditapinda malaya, mkono wonse uli m'kati mwa ng'ombe, akulu a mpingo ndi apongozi anga akuonerera, manyazi ankandigwira. Ndinkadziuza kuti ntchito yatsopano ndi bwino kuiona kaye kwa ena.

Mkazi wanga sanagwirizane nane. Ankasenda mbatatesi pakhonde pamene ndinamuuza, ndipo sanasiye kusenda.

"Pitani," anatero. "Mwanayu wobereka ndine, si inu. Amayi alipo, azakhali alipo. Inu mukakhala mudzachita chiyani, kupatula kuyendayenda panja?"

Bambo sananene kuti pita kapena usapite. Anangofunsa ngati mbewuyo ndi ya nkhunzi zamawanga zija. Nditavomera, anatsokomola n'kulowa m'nyumba.

Mzunguyo atabweranso sabata yotsatira, ndinamuuza kuti ndikufuna kupita, koma osati tsopano. Ndinapempha kuti ndidzapite tikakolola, kapena chaka chamawa. Iye anagwedeza mutu, nati palibe vuto, malo adzapezekanso. Kenaka anatembenuka n'kuyang'ana msuweni wanga, amene anali m'munsi mwa dibi akuvuula thole lomwe linatsamwa madzi. Anafunsa ngati amatha kuwerenga. Ndinayankha kuti amatha pang'ono. Anamuitana. Msuweni wanga anabwera akudontha madzi a mankhwala, anamvetsera, ndipo mzunguyo asanamalize n'komwe anafunsa kuti sitima inyamuka liti.

Tikubwerera kunyumba anandifunsa ngati ndakhumudwa. Ndinati ayi, ndikhumudwirenji, ine ndakana ndekha. Anasangalala, nandiuza kuti akakaphunzira adzandiuza zonse kuti ine ndikamadzapita ndisadzavutike. Ndinamubwereka sutikesi yanga. Bambo anamupatsa jekete lawo la ku Halale, limene ine sanandilolepo ngakhale kuliyesa.

Dzinja limenelo linali lalitali. Padibi anandipatsa wothandiza wina waulesi, ndipo madzi ambiri ndinkatunga ndekha. Mwana wathu anabadwa bwinobwino, wamwamuna, ine ndikuyendayenda panja monga mkazi wanga ananenera. Chimanga chili pafupi kucha, munthu wina wochokera ku Halale anabweretsa chithunzi. Msuweni wanga anali ataima pambali pa nkhunzi yaikulu ngati nyumba, atavala ovololo yoyera ndi majombo, dzanja lili pakhosi pa nkhunziyo, akumwetulira ngati ndi yake. Bambo ankayenda nacho chithunzicho m'thumba la malaya. Tikatuluka m'tchalitchi ankachitulutsa, amuna n'kuwazungulira. Ine ndinkaima patali ndi mabuku a kwaya m'manja, kudikira kuti amalize.

Anabwerako nthawi yokolola, atanenepa, tsitsi atalipesa mzere. Boma linamupatsa njinga yatsopano, bokosi lachitsulo lomangirira kumbuyo, ndi fulasiki yaikulu yosungiramo mbewu pozizira. M'bokosimo munali timachubu tagalasi, sopo, thaulo ndi ovololo ija. Mbewu inkachokera kufamu ya boma kummwera, pa sitima kenaka pa lole, itakutidwa ndi madzi oundana, ndipo iye ankatsika kukailandira kuboma n'kukwera nayo phiri mothamanga isanafunde. Sanalinso wothandiza wanga. Akafika padibi ankandipatsa moni mwaulemu ngati kale, achimwene mwadzuka bwanji, koma mzungu akabwera ankayamba kulankhula ndi iye, ine pambuyo.

Poyamba anthu anakana. Kwathu nkhunzi ndi ulemu wa khola, ndipo munthu amatchuka ndi kulira kwa nkhunzi yake m'mawa. Akuluakulu ankati thole lobadwa m'botolo silingalowe pa malowolo, ndiponso silingaphedwe pamaliro a munthu. Ena ankati boma latopa ndi kutilamula mizere ya m'munda ndi dibi, tsopano likufuna kutha nkhunzi zathu. Ndikamva zimenezi sindinkatsutsa. Ndinkangoti nanenso sindikudziwa, tiona.

Oyamba kulola anali bambo. Anasankha ng'ombe yawo yofiira, yofatsa, imene inali itabereka kale kawiri, n'kuimangira kakhola kakekake kuti nkhunzi za m'mudzi zisaifikire. M'mawa wina inayamba kulira mosalekeza ndi kukwera zinzake. Bambo anatuma uthenga, ndipo msuweni wanga anafika dzuwa litapendeka, thukuta lili kamukamu. Amayi a m'mudzi anauzidwa kuti apite kuseri, koma ankasuzumira pampanda. Amuna anadzaza. Panafunika munthu wogwira mchira, ndipo bambo anayang'ana ine.

Ndinagwira mchirawo. Ndinaona msuweni wanga akuvala ovololo, akusamba mkono ndi sopo mpaka paphewa, akulankhula ndi ng'ombeyo motsitsa mawu. Analowetsa mkono, maso ali kumwamba ngati munthu amene akumvetsera kanthu kakutali, ndipo ndi dzanja linalo analowetsa kachubu. Manyazi amene ndinkawaopa aja sindinawaone pankhope ya munthu aliyense. Onse ankayang'ana manja ake. Atamaliza, mkulu wina anafunsa ngati basi zatha, anthu n'kuseka, iyenso n'kuseka nawo. Ng'ombeyo inandipaka ndowe pamalaya, ndipo palibe anaona.

Kuyambira tsiku limenelo ndinkadzuka m'mawa kukayang'ana ng'ombe yofiirayo ndisanapite kudibi. Bambo ankaganiza kuti ndikuisamalira. Patapita masabata angapo inayambanso kulira ndi kukwera zinzake, kusonyeza kuti sinatenge bere. Tsiku limenelo ndinadya bwino kwambiri, ndipo mkazi wanga anandiyang'anitsitsa. Koma msuweni wanga sanatekeseke. Anati zimachitika, mwina mbewu inafunda panjira, ndipo anabwereza. Ulendo wachiwiriwu ng'ombeyo inakhala phee. Mwezi unatha, wina unatha, mimba inayamba kuoneka.

Nthawi imeneyo n'kuti anthu atamupatsa kale dzina msuweni wanga. Ankamutcha Nkhunzi ya Boma. Akamadutsa pa njinga ana ankamuthamangira akulira ngati ng'ombe, ndipo amayi pamtondo anapeka kanyimbo komunena, kakuti tsekani makola, yafika ya pa njinga. Ine ndikanakhala iye ndikanasamuka. Iye ankaimitsa njinga, kufukula dothi ndi phazi, n'kulira mokweza ngati nkhunzi yeniyeni, amayiwo n'kugwa nako kuseka. Ngakhale mkazi wanga ndinamupeza tsiku lina akuimba kanyimboko akusambitsa mwana. Ndinamuuza kuti si nyimbo yoimba mkazi wa Chikhristu. Koma chimene chinandiwawa sichinali chimenecho. Ine ndinali nditagwira ntchito padibi zaka zonsezo, ndipo palibe anandipekerapo nyimbo, ngakhale yonyoza.

Thole linabadwa mvula ili pafupi kutha. Linali lalikazi, lamawanga akuda ndi oyera, miyendo italiitali, kalinunda kongooneka pang'ono. Linali lokongola, sindingakane. Anthu anabwera kuchokera m'midzi yonse yozungulira, ena kudutsa msewu wa m'malire kuchokera kwa Apwitikizi, kudzaliona. Ena ankaligwira makutu kuti atsimikize kuti ndi ng'ombe. Mwana wanga atabadwa kunabwera achibale ndi amayi a mvano basi. Bambo anaima pachibaya masiku amenewo kuyambira m'mawa, chifuwa ataiwala, akufotokozera aliyense wofika.

"Ntchito ya mwana wanga imeneyi," ankatero.

Mlendo wina anatembenukira kwa ine n'kundigwira chanza, kundiyamikira. Bambo anamukonza msanga, nati si uyu, winayo, wa njinga. Sananene mwankhanza. Ankangofuna kuti mlendoyo adziwe zoona.

Chaka chimene ndinalonjezedwa chinafika, koma malo sanabwere. Mzungu uja anapita kwawo kutchuthi ndipo anamutumiza kwina. Amene analowa m'malo mwake sankadziwa za lonjezo lililonse. Nditamufunsa anati m'boma muno muli kale munthu mmodzi wodziwa ntchitoyo, ndipo ng'ombe zofuna ntchitoyo n'zochepa, wachiwiri ngwachiyani. Ndinabwerera kudibi. Msuweni wanga anayesa kusunga mawu ake. Madzulo ena ankabwera ndi bokosi lake kuti andionetse timachubu ndi kundijambulira pansi mmene chiberekero cha ng'ombe chimakhalira. Ine ndinkapeza chochita. Ndinkati ndili ndi kwaya, kapena mutu ukundipweteka. Sindinkafuna kuphunzira ntchito imeneyo pakhonde, kwa munthu amene ndinamuphunzitsa ndine kugwira pensulo.

Kenaka msuweni wanga anamusamutsira kufamu ya boma kummwera kuja, kumene kunkachokera mbewu. Ndinaganiza kuti mtima ukhala pansi, koma dzina lake linatsala. Thole lija linakula, linabereka, ndipo tsiku loyamba kukama bambo anayenda ndi ndowa mudzi wonse. Sinadzaze ngati za ku Halale, koma inaposa theka, ndipo kwathu zimenezo zinali zisanaonekepo. Munthu aliyense wobwera kudibi ndi ng'ombe yofuna nkhunzi ankandifunsa kuti msuweni wanu abwera liti.

Malo anapezeka patapita zaka zina, popeza m'boma lathu munalibenso munthu wa ntchitoyo. Maphunziro tsopano sanalinso ku Rhodesia koma kufamu ya kummwera ija. Inalinso nthawi ya mvula yoyamba. Mkazi wanga analinso ndi pakati, mbatatesi zinali zisanapaliridwe, ndipo chifuwa cha bambo chinali chitakula moti usiku ankagona chokhala. Zifukwa zonse zakale zinalipo, zina zitawonjezeka. Ndinkadziwanso amene ndikamupeze kumeneko. Ndinavomera pomwepo, ndili chiimire pambali pa dibi, ndipo kunyumba ndinangokawauza tsiku lonyamuka. Mkazi wanga anati ndachita bwino, ngakhale sitima ya ku Halale ndinaiphonya. Ankadziwa kuti ndi mawu opweteka, koma ananenabe.

Kufamuko tinalipo anyamata angapo ochokera m'maboma osiyanasiyana. Wophunzitsa anali mzungu, koma iye ankangolankhula m'kalasi. Woonetsa ndi manja anali msuweni wanga. Anandilandira pageti, anandinyamulira sutikesi, n'kundipatsa bulangeti lake lina poti kogona kunali kozizira. Pamaso pa anzanga ankanditchabe achimwene, ndipo anawauza kuti ndine amene ndinamupezera ntchito yoyamba. Akanakhala wodzikuza zikanandipepukira. Ndinkafunafuna pomudera, osapapeza.

Masabata oyamba tinkaphunzira pa ziberekero za ng'ombe zophedwa, zoyalidwa pathebulo. Kenaka anatipititsa ku ng'ombe zamoyo. Tsiku langa litafika ndinasamba mkono, ndinalowetsa, ndipo zonse za m'kalasi zinathawa m'mutu. M'katimo munali motentha, mothina, ndipo ng'ombeyo inkandikankha mpaka mkono kuchita dzanzi. Khomo la chiberekero limene ankati uligwire ngati khosi la nkhuku sindinalipeze. Anzanga ankayang'ana. Ndinayamba kukankha mwamphamvu, ng'ombe n'kupinda msana. Msuweni wanga anabwera n'kuima pafupi ndi khutu langa kuti ena asamve.

"Achimwene, musalimbane nayo. Dikirani ipume. Ikamasuka, tsitsani zala pansi, chili pomwepo."

Ndinadikira. Ng'ombe inamasuka, ndinatsitsa zala, ndipo chinalidi pomwepo. Iye anaona pankhope panga kuti ndachipeza, ndipo anasangalala kuposa ine. Madzulo ake anandigulira tiyi ndi sikono pakantini. Ndinamwa tiyiyo ndikuganiza kuti ndikanapita chaka chijachi, woima kumbuyo kwa mnzake ndikanakhala ine.

Nditamaliza sanandibwezere kumtunda kwathu. Ananditumiza kuchigwa, cha ku Kasinje, pafupi ndi njanji, kuti mbewu izifika msanga. Kumeneko ndi dziko lotentha, la alimi a mpunga, ndipo ng'ombe zawo zambiri zinali zapangolo. Madzi oundana ankasungunuka ndisanafike kutali, ndipo ng'ombe zoyamba zimene ndinagwira zonse zinabwereranso kufuna nkhunzi. Mkazi wanga ndi ana anavutika ndi udzudzu. Bambo sanathe kutsika kudzationa chifukwa cha chifuwa chija, ndipo ndikapita kwathu nkhani yawo inali ya ng'ombe yamawanga ndi ana ake.

Ng'ombe yoyamba kutenga bere m'manja mwanga inali ya mlimi wina wa mpunga, mkulu wa mpingo, munthu wosalankhulalankhula. Anandilola kuyesa chifukwa nkhunzi yake inali itafa ndipo sankafuna kubwereka kwa mnansi wake amene anakangana naye za ngalande ya madzi. Thole linabadwa mpunga ukucha. Linali lalimuna, lofiirira, mawanga oyera pamphumi ndi m'miyendo mokha. Silinali lokongola ngati la kwathu lija, ndipo odzaliona anali ochepa chifukwa anthu anali kalikiliki kuingitsa mbalame m'minda. Ine ndinkapitako pafupipafupi, ngakhale popanda chifukwa cha ntchito.

Tsiku lina titakhala pansi pa mtengo wa mango, mlimiyo anandifunsa kuti ntchito yodabwitsayi anandiphunzitsa ndani. Ndinati msuweni wanga, ndipo ndinamufunsa ngati anamvapo za munthu wa kumtunda amene ankatchedwa Nkhunzi ya Boma. Anaganiza pang'ono, n'kupukusa mutu. Anati kuno sitinamvepo, munthu wa ng'ombe amene timamudziwa ndinu. Ndinamufunsanso kachiwiri, kumufotokozera za njinga ndi kanyimbo kaja, ndipo anakanabe. Mkazi wake anatibweretsera mpunga watsopano wothira nsinjiro, ndipo ndinakhala pamenepo mpaka dzuwa linapepa, tikukambirana ngati tholelo tidzalifule likhale lapangolo kapena tilisiye likule.